Dzina Lachitatu pa Ng'anjo ya a Cleon

Ndinali kuyanika zovala kuseri kwa nyumba pamene Lurleen anaimika galimoto yake pamsewu nalowa osaodira, monga amachitira masiku onse. Lurleen ndi mnzanga wa m'kwaya. Nkhani ikamufika m'khutu, mapazi ake amayabwa.

"Vernell! Iwe, tasiya masokosi a mwamuna wakowo, sathawa. Wamva?"

"Ndimve chiyani ndili kuseri kuno?"

"Ndiye kuipa kojomba msonkhano wa amayi kumeneko. Mayi Odessa sakupitanso ku Dallas. Amukanira mwana wawo m'maso muli gwa. Akuti adzafera m'nyumba momwe anafera a Cleon. Ndiye dzulo anaimirira ndi ndodo yawo ija, akuti chaka chino pa Sabata la Obwerera nyama iwotchedwa pa ng'anjo ya malemu amuna awo, chifukwa Hosea wako akuikonza. Amayi onse m'manja, ena mpaka misozi. Iwenso ndiwe wachinsinsi bwanji! Chinthu chili pakhomo pako, ife n'kumamvera kutchalitchi?"

Anasuzumira cha kushedi kwa mwamuna wanga.

"Mwaibisa kuti?"

"Ndiwafunsa eni ake akabwera," ndinatero.

Malaya amene ndinali nawo m'manja anali akudontha. Ng'anjoyo inachoka pakhomo pathu maluwa a m'mbali mwa msewu akuyamba kumene kumasula, itakolekedwa kumbuyo kwa pikapu ya munthu wachilendo. Patangopita masiku ochepa, m'nyumba mwathu munalowa makina ochapira atsopano, omwe anachapa malaya amenewo. Lurleen anandithandiza kuyanika mashiti a pabedi, iye mbali iyi ine mbali inayo, akulongolola za nyimbo zimene tidzaimbe. Sindinamve ngakhale imodzi.

Kwathu kuno ku Texas ng'anjo za nyama zilipo pakhomo ndi pakhomo, koma ya a Cleon Crenshaw inali ya mpingo wonse. Anaipanga okha ndi chipaipi cha ku zitsime za mafuta, bokosi la moto analiwotcherera m'mbali cham'munsi, chumuni kumapeto enawo, kuti nyama isaonane ndi lawi koma ipse ndi utsi wokha. Chaka chilichonse m'mwezi wa Ogasiti, pa Sabata la Obwerera, ana a mpingo wathu amene anabalalikira m'mizinda akamabwerera kudzapemphera kwawo, chidale cha ng'ombe ndi nthiti zinkachokera m'menemo. Pa chitseko cha bokosi la moto a Cleon analembapo mayina a ana awo ndi moto wowotcherera zitsulo, zilembo zotukuka, zopendekeka chifukwa anali amanzere. Moto usanayatsidwe, Mayi Odessa ankaika dzanja pachitsekopo ndi kupemphera chamumtima, abambo onse atavula zipewa.

A Cleon atamwalira, ng'anjoyo inakhala kuseri kwa nyumba yawo, mvula ndi dzuwa zikusinthana. Udzu unamera m'matayala. Mwamuna wanga Hosea ndiye anakaitenga. A Cleon ndi amene anamuphunzitsa kuwotcherera zitsulo, ndipo atandiuza kuti Mayi Odessa amupatsa ng'anjoyo poti akusamuka, sindinaone chodabwitsa.

Masana a tsikulo Hosea anabwera kudzadya. Ndinamuikira nyemba ndi chigumu, tinapemphera, ndinamusiya adye kaye pang'ono.

"A Hosea, tsiku lija mumakatenga ng'anjo, Mayi Odessa anati chiyani?"

Supuni inaima m'malere.

"Bwanji?"

"Lurleen anali pano. Amayi sakusamuka. Alengeza kuti pa Sabata la Obwerera moto uyaka pa ng'anjo ya a Cleon."

Anaika supuni pansi mwakachetechete, ngati ya galasi.

"Anati ndiikonze."

"Ine munandiuza kuti akupatsani."

"Ndinkati akupita, Vernell. M'nyumba zosanja za ku Dallas chinthu ngati chimene chija akanakachiika pati? Maso sakuonanso. Chaka chinatha osafunsa. Ntchito inali itasowa, iwe ukuchapira m'bafa msana ukukuwawa. Munthu uja anaona chithunzi pafoni n'kundiimbira yekha. Ndinkati aiwala."

"Mukanakhala inu mukanaiwala?"

Anakankha mbale naimirira. Atatuluka ndinakatenga nsalu ya patebulo ndi kufunditsa makina ochapira aja, chifukwa ndikawayang'ana nkhope inkanditentha.

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti ntchito yokonza ng'anjo ija ndinaikonda. Ndinali ndisanamuone Hosea akuimba mluzu kuyambira pamene shopu imene ankagwirako inatsekedwa. Pansi pa bokosi la moto panali pataoleratu, moti chala chinkalowa. Anadulapo n'kuikapo chitsulo chochindikala. Anapala dzimbiri mpaka thupi lonse la ng'anjo linayera. Anaika mawaya atsopano ogonekapo nyama, zogwirira zatsopano, matayala ena. M'kati anapakamo mafuta a ng'ombe n'kukoleza moto wa nkhuni za thundu tsiku lathunthu kuti chitsulo chimwe, chide, chisadzachitenso dzimbiri. Kunja anapaka utoto wakuda wopirira moto. Ine ndinkamupititsira tiyi wozizira, iye n'kumandionetsa msoko uliwonse ngati mwana woonetsa kope la kusukulu. Tsiku lina ndinamupeza atagwada pachitseko cha bokosi la moto ndi makina opalira zitsulo, nthethe za moto zikuuluka.

"Nanga mayinawo?" ndinafunsa.

"Palibe amagula ng'anjo yolembedwa ana a eni ake," anatero.

Ndinaika tiyi pansi n'kubwerera m'nyumba. Chitsekocho chinasalala ngati mbale.

Loweruka m'mawa tinanyamuka kupita kwa amene anaigula, a Dwight Kubala, mlimi wa ng'ombe wa kutsidya kwa mtsinje. Hosea sanandipemphe kuti ndimuperekeze, koma atatuluka anandipeza ndakhala kale m'galimoto. Pamalo ena anatembenuzira kwa ine kamphepo koziziritsa m'galimoto, poona kuti dzuwa lili mbali yanga. Ndinaona, ndipo mtima unandiwawa kuposa akanapanda kutero.

Ng'anjo tinaipeza pansi pa mtengo, ikutulutsa kautsi kopyapyala kobiriwira. A Kubala, chimunthu chachikulu chofiira nkhope, anali pampando pafupi nayo.

"Ee, amisiri! Mwabwera kudzazonda mwana wanu? Ali bwino, akudya bwino. Sadya nkhuni zambiri ngati alamu anga."

Hosea anavula chipewa. Anafotokoza ataimirira, mawu akutuluka limodzilimodzi. Sananame. Ananena za a Cleon, za amayi, za Sabata la Obwerera. A Kubala anamvetsera akukanda chibwano.

"Ndiye mukundiuza kuti chilimwe chonsechi ine ndakhala ndikunenepetsa apongozi anga ndi ng'anjo ya mayi wamasiye?"

"Ndi choncho, bambo."

"Wosaona?"

"Amaona pang'ono kuwala."

"Koma achimwene, inu ndiye mwaposa. Akuba anzanu akagulitsa amazimitsa foni. Inu mukubwera masana, ndi mkazi wovala chipewa cha kutchalitchi." Anandiyang'ana. "Pepani mayi, sindikunena inu."

"Nenani, bambo," ndinatero. "Ndabwera kudzamva nawo."

Anaseka pang'ono, kenako anasiya. Anatsegula chitseko cha moto, anasonkhezera, anatseka.

"Ndalama zanga sindikuzifuna, ndikudziwa munadya kale. Ine ndikufuna ng'anjo. Kuseri kwa khola kuli chipaipi chimene chandikwana ndi kale. Mundipangire yonga iyi, misoko yake yomweyi, nyengo yozizira isanafike. Mukandithawa ndidzabwera kutchalitchi kwanuko ndidzakhale kutsogolo, ndizidzakuyang'anani nthawi ya chopereka."

"Ndipanga, bambo."

"Ndiye dikirani nthiti zangazi zipse. Simungakoke ng'anjo ya moto pamsewu, mungaotche chigawo chonse."

Tinadikira mpaka dzuwa litapendeka. Mkazi wawo, mayi wochepa thupi wosayankhulayankhula, anatibweretsera nthiti pa pepala ndi mabanzi a jamu. Pochoka anandipanikizira m'manja botolo la nkhaka zoviika mu viniga, nandigwira pamkono kamphindi. A Kubala anaponya nkhuni zouma za thundu kumbuyo kwa pikapu yathu, akung'ung'udza kuti zikungowadzazira malo. Chakudya cha anthu amene wawalakwira chimavuta kumeza. Ndinameza, ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha iwo.

Ndinkayesa kuti tikafika tidutsira kwa Mayi Odessa. Hosea anakhotera kunyumba, nalowetsa ng'anjo m'shedi.

M'mawa mwake titachoka kutchalitchi ndinamupeza ali ndi zidutswa za zitsulo pabenchi. Ankalembapo ndi moto, dzanja lamanzere, mobwerezabwereza. RENITA. DARNELL. Ankapendeketsa zilembo monga ankachitira a Cleon.

"Ndiye mukawauza liti?" ndinafunsa.

"Ndikawauze chiyani? Ng'anjo yabwera. Mayina abwerera pamalo pake. Munthu wamkulu ngati uja ndikamupweteke mtima chifukwa chiyani?"

"Mukuopa kuwapweteka iwo?"

Anatsitsa chophimba kumaso, moto unathetheka, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ndikanatha kupita ndekha kwa amayi. Nyumba yawo ili pafupi, ndipo Lachitatu lililonse ndimawapititsira ndiwo zamasamba. Lachitatu limenelo ndinapita. Anandigwira nkhope ndi manja awo ofunda, anandifunsa za msana wanga, anandiuza kuti ndisamalole Hosea kugwira ntchito padzuwa osavala chipewa. Anandipatsa mazira a nkhuku zawo atawakulunga limodzilimodzi m'nyuzipepala. Ndinatsanzika osawauza za ng'anjo. M'masiku amenewo ndikagwada kuti ndipemphere, mawu ankathera pa "Atate", basi. Zovala ndinabwerera kuchapira m'bafa. Hosea anaona, ndipo tsiku lina ndinapeza wandiikira kampando kafupi pambali pa bafalo.

Kunena zoona, mayina anawalemba bwino. Atapakanso utoto n'kuyatsa moto kuti chitseko chide, ine amene ndinaona akale sindikanasiyanitsa.

Loweruka la Sabata la Obwerera linafika ndi kutentha kwake. Madzulo dzuwa lisanalowe tinakokera ng'anjo kubwalo la tchalitchi, pansi pa mitengo. Magalimoto a ku Houston ndi ku Dallas anali atadzaza kale m'mbali mwa msewu. Amayi ankasenda mbatata m'khitchini, abambo ankathira mchere ndi tsabola pa nyama. Ataiona, onse anasiya zimene ankachita.

"Hosea, iwe! Iyi ndi ija ankagonamo agologolo ija?" anafuula a dikoni Purvis. "Ukamaliza undikonzenso ine mawondowa, achita dzimbiri."

"Inu a Purvis mukufunika injini yatsopano," wina anayankha, anthu n'kuseka.

Darnell, mwana wamwamuna wa a Cleon, amene tsopano ali ndi imvi zake, anazungulira ng'anjo akusisita. Kenako anamukumbatira Hosea. Lurleen anandigunda ndi chigongono.

"Taseka, iwe. Mwamuna wako akutamandidwa, iwe nkhope ngati wameza fupa."

Kenako Renita anatulukira atagwira mayi ake pamkono. Mayi Odessa anavala diresi yoyera ndi chipewa cha maluwa, kachikwama kali pamkono. Abambo anavula zipewa. Anawafikitsa pa bokosi la moto, ndipo amayi anapereka ndodo kwa mwana wawo n'kuwerama. Dzanja lawo linayenda pachitseko pang'onopang'ono.

"Renita," anatero. Zala zinaima kamphindi. "Zilembo zakuthwa ngati zadzulo. Wapala bwino, Hosea." Dzanja linatsika. "Darnell."

Ndinapuma. Ndinayesa kuti zatha, ndipo ndikuvomera kuti ndinathokoza.

Koma amayi anawerama kwambiri, mpaka Renita anawagwira m'chiuno. Dzanja linatsikira kumunsi kwenikweni kwa chitseko, pansi pa hinjesi, pangodya pamene munthu woimirira saona. Linafufuza pamenepo. Linabwerera m'mwamba, linatsikanso. Panali posalala.

"Amayi, mukufuna chiyani?" anafunsa Darnell.

"Opal."

Achinyamata anayang'anana. Amayi achikulire angapo anaweramitsa mitu.

"Mkulu wanu," anatero Mayi Odessa, dzanja likadali pachitsulo. "Woyamba wathu. Sanakhalitse, anangotiona n'kubwerera. Tinamuika kumunda kwa agogo anu, ndipo mundawo unamira pamene anamanga damu. Mwala panalibe, tinalibe chogulira. Bambo anu atapanga ng'anjoyi analemba dzina lake apa, laling'ono, pansi. Ankati apa ndi pamene pamafunda kwambiri, mwana asamve kuzizira."

Ndinayang'ana Hosea. Nkhope yake inali itachita phulusa. Ndinakumbukira tsiku lija la nthethe za moto. Pangodya imeneyo dzimbiri linali lochindikala, ndipo iye ayenera kuti anaona timabampu, n'kuyesa ndi madontho a chitsulo amene amatsalira powotcherera. Anadutsapo ndi makina osawerenga.

Mayi Odessa anaweramuka movutikira. Anapukuta zala pa diresi yawo yoyera, n'kusiyapo mzere wakuda.

"Dzimbiri landidyera Opal wanga," anatero. Kenako anatembenukira kumene ankaganiza kuti kuli Hosea, ndipo analakwitsa pang'ono, moti ankayankhula ndi mtengo. "Usadandaule, mwanangu. Dzimbiri ndi dzimbiri. Ndinaisiya pamvula ndine. Iwe wachita zimene ana anga obereka sanachite. Tabwera kuno."

Anatsegula kachikwama kawo natulutsa magolovesi achikopa, akale, opserera m'zala. Tonse tinawadziwa.

"A Cleon akanafuna akhale ndi iwe. Ndakhala ndikuwasunga kudikira tsiku la lero."

Anawatambasula m'malere. Hosea sanasunthe. A Purvis anamukankha pamsana.

"Landira, iwe. Ukufuna amayi atope mkono?"

Ine ndinatseka maso. Sindinapemphe kuti anene, sindinapemphenso kuti asanene. Ndinangoti, Atate, mwamuna wanga uyu mukumudziwa. Nditatsegula maso ndinamuona akuyenda. Anadutsa magolovesi aja osawakhudza, nagwada pamiyala patsogolo pa amayi, chipewa chili pansi. Mawu ake oyamba sanamveke.

"Ukuti chiyani, mwanangu? Makutu anganso akutha."

Anakweza mawu, mpaka amayi a m'khitchini anatulukira pakhomo ndi mipeni yawo m'manja.

"Si dzimbiri, amayi. Ndine. Munandituma kuti ndiikonze, ine ndinaigulitsa kwa munthu wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo mkazi wanga ndinamunamiza kuti mwandipatsa. Mayina ndinawapala ndi manja angawa kuti igulike. Awa mwagwirawa si dzanja la a Cleon, ndalemba ndine sabata yathayi kuti musadziwe. Opal sindinamuone n'komwe. Ndinamufufuta osamuwerenga."

Nyama inali patebulo, nkhuni zili m'bokosi, moto usanayatsidwe. Ndinapita kukaima pambali pake, chifukwa nanenso ndinalandira mazira aja ndili chete. Mayi Odessa anali chiimire, magolovesi ali m'manja, nkhope yawo itatembenukira tsopano kumene kunkachokera mawu.

"Magolovesiwo sindingawalandire," anatero Hosea, misozi ikugwera pamiyala. "Ndakulakwirani inu, ndalakwira a Cleon amene anandiphunzitsa ntchito, ndalakwira ndi mwana wanu. Amayi, ndikhululukireni. Chonde, ndikhululukireni."